Mahatma Gandhi, loya uja anasanduka wandale komanso mkonzi wa nyuzipepala: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni nkhani ija ya chiboliboli cha Gandhi chimene ankafuna kuika ku Blantyre, mafunso okhudza Gandhi sakutha, ndipo ambiri ndi omwewomwewo, chimasintha ndi wofunsa basi. Ndiye ndangowasonkhanitsa pano kuti wina akafunsanso ndizingomulozera. Mukaona ndalemba kuti onani funso lakuti, pitani komweko, kubwereza sindikufuna.

Kodi Gandhi ameneyu anali ndani?

Dzina lake lenileni ndi Mohandas Karamchand Gandhi. Anabadwa pa 2 Okutobala 1869 ku Porbandar, m'dera la Gujarat ku India, nthawi imeneyo dzikolo lili m'manja mwa Britain. Sanali mwana wa amphawi ngati mmene zithunzi zake zovala kansalu kamodzi zija zimatiganizitsira, bambo ake anali nduna yaikulu ya mfumu ya ku Porbandar. Anamukwatitsa ali ndi zaka 13 kwa Kasturba, mtsikana wa msinkhu wake womwewo, ndipo anakula nawo ana aamuna anayi.

Mahatma si dzina, ndi ulemu umene anthu anachita kumupatsa, tanthauzo lake ndi mzimu waukulu. Mwini wake sankalikonda kwenikweni.

Anali loya weniweni, wa mapepala?

Eya, wa mapepala ake. Anapita ku London mu 1888 atalumbira kwa mayi ake kuti sakakhudza nyama, mowa ndi akazi, anaphunzira malamulo ku Inner Temple, ndipo mu Juni 1891 analoledwa kuyimira anthu m'khothi. Atafika kwawo ndi pamene anauzidwa kuti mayi aja anamwalira iye ali kunja, abale anamubisira.

Koma mapepala ndi china, ntchito ndi china. Mlandu wake woyamba ku Bombay unali waung'ono, wa m'khothi la timilandu ta ngongole. Itafika nthawi yoti afunse mboni mafunso, mkuluyu anaimirira, mutu n'kuyamba kuzungulira, pakamwa osatuluka liwu ndi limodzi lomwe. Anangokhala pansi, n'kumuuza amene anamulemba ntchitoyo kuti apeze loya wina, ndalama anabweza. Anachoka ku Bombay n'kupita ku Rajkot kumakalembera anthu makalata a madandaulo opita kuboma, ngati alembi aja amakhala panja pa ofesi ya DC. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panagona nkhani yonse: munthu woti pakamwa pamamulemera koma akagwira cholembera amayenda bwinobwino.

Nanga ku South Africa anakatani?

Ganyu. Kampani ya amwenye ya ku Durban, ya Dada Abdulla, inali pa mlandu wa ndalama zokwana mapaundi 40,000 ndi wachibale wawo wa ku Pretoria, ndiye inkafuna munthu wodziwa Chigujarati ndi Chingerezi woti azithandiza maloya awo achizungu. Anagwirizana chaka chimodzi, malipiro mapaundi 105. Anafika mu Meyi 1893 ali ndi zaka 23, chaka chimodzi chija chinasanduka zaka 21.

Mlanduwo anaukonza mwa kuwanyengerera awiriwo kuti akambirane kunja kwa khothi, wolakwayo n'kumabweza pang'onopang'ono.

Nkhani yoti anamutsitsa m'sitima inachitikadi?

Inachitika, usiku wa pa 7 Juni 1893 pa siteshoni ya Pietermaritzburg. Anali ndi tikiti ya fesiti kilasi, mzungu wina anadandaula, anamuuza kuti asamukire kumbuyo, anakana, wapolisi n'kumukankhira panja ndi katundu wake yemwe. Amene munakhalako ku Natal mukuidziwa Juni ya kumeneko. Anachezera m'chipinda chodikirira akunjenjemera, jekete lili m'chikwama chimene anamulanda, kupempha akuopa kuti amunyozanso.

Imene anthu ambiri saidziwa ndi ya nduwira, inachitika masiku ochepa izi zisanachitike. Atalowa koyamba m'khothi la majisitireti ku Durban anauzidwa kuti avule nduwira yake, iye anakana n'kutuluka. Ndiye taonani chimene anachita: analemba kalata ku nyuzipepala. Sabata yoyamba m'dziko la eni, dzina lili kale m'mapepala.

Ndale anazilowa bwanji poti anabwerera mlandu?

Mu 1894 mlandu utatha anamukonzera phwando lotsanzikana. Ali pa phwandopo anaona kankhani m'nyuzipepala koti nyumba ya malamulo ya Natal ikufuna kuchotsera amwenye ufulu wovota. Amalonda aja sankawerenga mapepala a Chingerezi kupatula mitengo ya katundu, ndiye atawafotokozera anamupempha kuti akhaleko mwezi umodzi awathandize. Analemba madandaulo opita ku London, anthu pafupifupi 10,000 anasainira, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anakhazikitsa Natal Indian Congress, iye kukhala mlembi. Malipiro a ntchito ya gululi anakana, anati amalondawo azingomupatsa milandu yawo kuti azipeza ya ndiwo.

Tizikumbuka kuti amwenye a ku Natal anali magulu awiri osiyana kwambiri. Panali amalonda obwera ndi ndalama zawo, ndiye panali aja anayamba kubwera mu 1860 pa kontilakiti ya zaka zisanu kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, zofananako ndi mmene agogo athu ankapitira ku migodi pa Wenela. Poyamba Gandhi anali loya wa gulu loyambalo, izi zikuthandizani pa funso la kusankha mtundu lili m'munsimu.

Azungu a ku Durban anamuda msanga. Mu Januwale 1897 akuchokera kwawo komwe anakafalitsa kabuku kofotokoza nkhanza za ku Natal, chigulu chinamugenda ndi miyala ndi mazira owola, amene anamupulumutsa ndi mkazi wa mkulu wa polisi, anamutchingira ndi ambulera. Anakana kuwasumira anthuwo.

Nyuzipepala yake yoyamba inali iti, ndipo analidi mkonzi?

Indian Opinion, inayamba kutuluka mu Juni 1903, kamodzi pa sabata, m'zilankhulo zinayi: Chingerezi, Chigujarati, Chihindi ndi Chitamil. Ziwiri zomalizazo anadzazisiya. Pa pepala mkonzi woyamba anali Mansukhlal Nazar, kenako kunabwera ena monga Henry Polak, dzina la Gandhi silinkalembedwa pa mpando wa mkonzi. Koma aliyense ankadziwa kuti mwini mawu ndi ndani. Nkhani za maganizo a nyuzipepala ankalemba ndi iyeyo, poyamba ali ku ofesi yake ya uloya ku Johannesburg, pafupifupi sabata iliyonse mpaka 1914, kudumpha kokha akakhala kundende.

Ndipo sikuti munkakhala ndale zokhazokha. Munkakhala malamulo atsopano atawamasulira kuti wa shopu amve, mayina a amene amangidwa sabata imeneyo, mbiri za anthu otchuka, malangizo a zakudya ndi ukhondo mpaka kuwadzudzula amwenye anzake pa nkhani ya zimbudzi. Nkhondo yokana zitupa za amwenye ku Transvaal (onani funso la satyagraha) itafika pachimake olembetsa anafika cha m'ma 3,500, koma kope limodzi linkawerengedwa ndi anthu ambiri, wina kuwerenga mokweza enawo akumvetsera.

Ndalama zoyendetsera ankazitenga kuti?

M'thumba mwake. Uloya ku Johannesburg unamuyendera ndithu, wamanyazi uja anasanduka loya wa ndalama, ndipo panali nthawi imene ankatumiza mapaundi 75 mwezi uliwonse kuti nyuzipepala isafe. Mu 1904 ataona kuti zikungolowa m'dzenje, anagula malo okwana maekala 100 ku Phoenix kunja kwa Durban n'kusamutsira makina onse kumeneko, kuti ogwira ntchito azilima okha chakudya ndipo aliyense, kaya ndi mkonzi kaya wopinda mapepala, azilandira mapaundi atatu pa mwezi.

Usiku woyamba kusindikiza ku Phoenix injini inakana kulira. Amakanika ayesa ayesa, zii. Panali gudumu lopukusa ndi manja koma lofuna anthu ambiri osinthana, ndiye Gandhi anakadzutsa akalipentala amene ankamanga pamalopo, atatopa kale ndi ntchito ya tsiku lonse ali gone pansi, ndipo anapukusa limodzi usiku wonse iye ali pomwepo. Kutacha makanika uja atangoyikhudza injini ija, inalira ngati palibe chinachitika. Nyuzipepala inakwera sitima pa nthawi yake.

Patapita zaka anasiyiratu kulandira malonda otsatsa, ndipo nyuzipepala zake za ku India sizinkakhala ndi malonda n'komwe. Maganizo ake anali oti wokupatsa ndalama za malonda ndi amene amakugwira pakamwa. Atolankhani a kuno amene bajeti yawo imadalira zotsatsa za boma ndi makampani a mafoni akudziwa chimene ankanena.

Satyagraha ndi chiyani?

Ndi dzina la njira yake yolimbanira: kukana lamulo loipa poyera, osamenya munthu, osathawa, ukamangidwa n'kuvomera chilango. Tanthauzo lake ndi kugwiritsitsa choonadi. Inayamba pa 11 Seputembala 1906 pa msonkhano wa ku Empire Theatre ku Johannesburg, pomwe amwenye analumbira kuti sadzamvera lamulo la ku Transvaal loti aliyense alembetse, adinde zala ndi kumayenda ndi chitupa.

Dzinalo linachokera mu nyuzipepala momwemo. Anachititsa mpikisano mu Indian Opinion kuti owerenga apereke dzina, wachibale wake Maganlal anapereka lakuti sadagraha, Gandhi n'kulikonza pang'ono.

Anamangidwa koyamba mu Januwale 1908, m'khothi lomwe ankayimiriramo anthu. Anagwirizana ndi Jan Smuts, nduna ya boma la Transvaal, mgwirizano sunayende, ndipo mu Ogasiti 1908 anaotcha zitupa pafupifupi 2,000 mu mphika waukulu panja pa mzikiti wa Hamidia. Chachikulu chinadza mu 1913 pamene ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya ku Newcastle ananyanyala chifukwa cha msonkho wa mapaundi atatu umene ankalipiritsa aliyense wotsala m'dzikomo kontilakiti ikatha, komanso khothi linali litagamula kuti maukwati achihindu ndi achisilamu ndi osavomerezeka. Anthu oposa 2,000 anayenda wapansi kuwoloka malire kulowa Transvaal popanda chilolezo. Mu 1914 msonkho uja unachotsedwa, ndipo Gandhi ananyamuka mu Julayi, kumusiyira Smuts nkhwaira zimene anasoka yekha. Apa n'kuti uloya atausiya kale.

Akuti ankanyoza anthu akuda, n'zoona?

N'zoona, ndipo palibe chifukwa chozungulira. M'zaka zake za ku South Africa, makamaka zoyambirira, ankagwiritsa ntchito liwu lachipongwe lija loyamba ndi k ponena za anthu akuda, ndipo dandaulo lake kwa azungu nthawi zambiri silinali loti tsankho ndi loipa ayi, linali loti amwenye asamaikidwe gulu limodzi ndi akuda. Ku positi ofesi ya ku Durban kunali makomo awiri, la azungu ndi la ena onse, gulu lake linamenyera kuti pakhale khomo lachitatu la amwenye, ndipo anaona ngati apambana. Atatuluka kundende mu 1908 analemba modandaula kuti anawatsekera pamodzi ndi akaidi akuda. Mu 1906 Azulu ataukira msonkho pa nkhondo ya Bambatha, iye analimbikitsa amwenye kuthandiza boma la atsamunda ndipo anatsogolera kagulu konyamula ovulala pa machira, ngakhale ambiri amene anawasamalira anali Azulu omwe azungu ankakana kuwakhudza mabala.

Chondidabwitsa ine ndi ichi: zambirizi tikuzidziwa chifukwa anazilemba ndi kuzisindikiza yekha. Nyuzipepala imene inamupanga kukhala mtsogoleri ndi yomweyo lero ikuyima ngati mboni yomutsutsa, simungati adani anamupekera.

Omuikira kumbuyo amati anali mnyamata woleredwa m'maganizo a ufumu wa Britain ndipo anasintha atakula, liwu lija analisiya, ndipo anadzalankhula mokomera ufulu wa anthu akuda. Amalozanso kwa Mandela, Martin Luther King ndi Kaunda amene anatengerako njira yake. Zonsezo zilipo. Koma pa zaka 21 sanapangepo kampeni imodzi ndi anthu akuda, chonsecho John Dube, pulezidenti woyamba wa gulu limene linadzakhala ANC, naye mwini nyuzipepala ya Ilanga lase Natal, ankakhala ku Ohlange pafupi penipeni ndi Phoenix.

Ndiye za chiboliboli ku Blantyre zinatha bwanji?

Mu 2018 kunayamba ntchito yoika chiboliboli chake cha ku Ginnery Corner, pafupi ndi Queens, pomwe pali kale msewu wa dzina lake. Zinkayenderana ndi thandizo la India la madola 10 miliyoni lomangira holo ya misonkhano. Achinyamata a gulu la Gandhi Must Fall anakana pa zifukwa zili m'funso lapitali, anawonjezanso kuti mkuluyu palibe chimene anachitira Malawi, ndipo kumapeto kwa Okutobala khothi lalikulu linapereka chiletso. Mu Disembala chaka chomwecho yunivesite ya Ghana nayo inachotsa chake. Mu 2020 chiboliboli cha Gandhi chinadzaikidwa ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, pa malo awo.

Atabwerera ku India anapitiriza za nyuzipepala?

Kumeneko ndiye anakhala mkonzi wa dzina lake pa pepala. Anafika mu Januwale 1915, anayamba ndi nkhani za alimi ku Champaran mu 1917 ndi za ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Ahmedabad mu 1918. Mu 1919, chaka chimene asilikali anawombera khamu la anthu ku Amritsar, anatenga nyuzipepala ziwiri: Young India ya Chingerezi ndi Navajivan ya Chigujarati, zonse za pa sabata, kusindikizira ku Ahmedabad. Panali nthawi imene iliyonse inkatuluka makope pafupifupi 40,000, ndipo nyuzipepala zina zinkangokopera nkhani zake, iye osaletsa.

Ngakhale buku la mbiri ya moyo wake silinayambe ngati buku, linkatuluka chigawo chimodzi pa sabata mu Navajivan.

Anamangidwapo chifukwa cha zolemba?

Mlandu wake wotchuka kwambiri ndi umenewo. Mu Malichi 1922 anamuimba mlandu wodanitsa anthu ndi boma chifukwa cha nkhani zitatu za mu Young India, pamodzi ndi wosindikiza wake Shankarlal Banker. Atamufunsa ntchito yake sananene kuti loya, anati mlimi komanso woluka nsalu. Sanafune womuyimira, anavomera mlandu, n'kumuuza jaji Broomfield kuti pali njira ziwiri basi: ngati akuona kuti lamulolo ndi loipa atule pansi udindo, ngati akuona kuti ndi labwino apereke chilango chachikulu chimene chilipo. Tangoganizani, munthu uja analephera kufunsa mboni funso limodzi ku Bombay.

Jaji anamupatsa zaka 6, n'kuwonjeza kuti boma likadzachepetsa chilangocho palibe adzakondwe kuposa iye. Anatuluka mu Febuluwale 1924 atachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Inner Temple inamufufuta m'kaundula wa maloya mu 1922, n'kudzamubwezeramo mu 1988, atamwalira zaka 40.

Anakhalapo pulezidenti kapena nduna?

Ayi, m'boma sanakhalepo ndi udindo uliwonse, ngakhale uphungu. Anakhala pulezidenti wa chipani cha Congress, chimene chinkamenyera ufulu wa India, kamodzi kokha mu 1924. Mphamvu zake zinali kwina: ulendo wa mchere wa mu 1930, pamene anayenda wapansi makilomita oposa 380 kuchokera ku Sabarmati kukafika ku nyanja ku Dandi kukatola mchere umene lamulo linkati ndi boma lokha lingapange, kusala kudya, ndi cholembera. Kampeni imatha kuyamba kapena kuyima ndi nkhani imodzi ya mu nyuzipepala, monga mu 1922 pamene anaimitsa zionetsero dziko lonse anthu atapha apolisi 22 ku Chauri Chaura, anzake a m'chipani anakwiya nazo koopsa. Ufulu utabwera pa 15 Ogasiti 1947 nduna yaikulu anali Jawaharlal Nehru, Gandhi sanapite n'komwe ku chisangalalo, anali ku Calcutta kuyesa kuletsa Ahindu ndi Asilamu kuphana.

Harijan ndi chiyani?

Nyuzipepala yake yomaliza, inayamba mu Febuluwale 1933 iye ali kundende. Cholinga chinali kumenyera anthu amene chikhalidwe cha Chihindu chinkawatenga ngati osayenera kukhudzidwa, oletsedwa kutunga pa chitsime ndi kulowa m'kachisi. Iye anawatcha Harijan, ana a Mulungu.

Eni ake ambiri dzinali amalikana, amati ndi lowachitira chisoni, amadzitcha Dalit. Mtsogoleri wawo B. R. Ambedkar, nayenso loya wokhala ndi nyuzipepala zake, anakangana naye kwambiri mu 1932. Britain inavomera kuti anthuwa azivotera aphungu awo paokha, Gandhi anati izi zigawa Ahindu ndipo anayamba kusala kudya mpaka imfa. Ambedkar anagonja n'kusaina mgwirizano wa ku Poona, analandira mipando yochulukirapo koma kuvota paokha kuja kunatha, ndipo mpaka imfa yake ankaona kuti anamupanikiza pakona.

Anafa bwanji?

Anawomberedwa pa 30 Januwale 1948 ku Birla House ku Delhi akupita ku mapemphero a madzulo, ali ndi zaka 78. Wowombera anali Nathuram Godse, Mhindu mnzake amene ankati Gandhi akukondera Asilamu ndi Pakistan. Godse naye anali mkonzi wa nyuzipepala, ku Poona. Kasturba n'kuti atamwalira kale mu 1944, onse awiri ali m'ndende.

Indira Gandhi anali mwana wake? Nanga Indian Opinion inathera kuti?

Indira, amene anadzakhala nduna yaikulu ya India, sanali mwana wake, panalibenso ubale. Anali mwana wa Nehru, dzinalo analitenga kwa mwamuna wake Feroze Gandhi.

Mwana wake weniweni amene anatsala ndi nyuzipepala ndi Manilal, wachiwiri uja. Anatumidwa kubwerera ku Phoenix ndipo anakhala mkonzi wa Indian Opinion zaka zoposa 30 mpaka anamwalira mu 1956, atamangidwapo kangapo polimbana ndi malamulo a tsankho. Nyuzipepalayo inatsekedwa mu 1961. Malo a Phoenix anaotchedwa pa zipolowe za ku Inanda mu 1985, anawakonzanso, ndipo amene muli ku Durban mutha kupita kukaona nyumba imene munali makina aja.